Bere Lachinayi la Kanani

Chidebe chinagwera uko, ine uku. Mwendo wa ng'ombe sindinauone. Ndinangomva nthiti kulira, kenako ndili chagada m'ndowe, mkaka uli kumaso, m'khosi, mpaka m'thumba la malaya. Agogo anu aakazi anali pakhomo la khola, mtolo wa nsenjere uli pamutu. Sanathamange. Sanautule n'komwe mtolowo.

"Dziko loyenda mkaka lija ndi limeneli, akulu a mpingo?" anatero.

Ndinapukuta mkaka kumaso.

Sekani, ana inu. Iwe Madalitso, seka ndithu. Mano ukusekerawo anamera ndi mkaka wa ng'ombe yomweyo.

Mwandivutitsa kuti ndikulembereni za moyo wanga. Ine si wolemba. Sukulu ndinalekera Sitandade 5. Ndilemba chimodzi chokha, cha ng'ombe, chifukwa ndi pamene ndinapusa kwambiri. Zina mukafunse agogo anu. Iwo saiwala kanthu, makamaka zolakwa zanga.

Mtundu wathu si wa ng'ombe. Makolo athu anachoka kwa Apwitikizi wapansi, ana kumsana, mbewu m'chiguduli. Anadutsa m'tsinde mwa phiri la Mulanje atamva kuti kuno kuli mtendere. Anapeza thangata. Chimene anatisiyira ndi khasu, nandolo, makaka ndi kalongonda. Kalongonda uja mumamukana inu, woti aphikidwe tsiku lonse n'kumataya madzi. Ife tinakulira ameneyo. Mkaka tinaulekera kwa amayi athu, basi.

Mkaka wina ndinauona ndili mnyamata, ku esiteti. Unali wa m'chitini, wolemera ngati phala, wotsekemera. Kapitawo anataya chitini, ine ndinatola, n'kupisamo chala. Ndinadzicheka. Ndinanyambita magazi ndi mkaka womwe. Inu lero mumangoti, "Agogo, tiyi wopanda mkaka ine ayi." Chabwino.

Nditasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndinayamba kulalikira. Abusa ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye gome linali lathu. Mutu umene ndinkaukonda unali wa dziko lija Mulungu analonjeza Aisraeli, loyenda mkaka ndi uchi. Uchi ndinkaudziwa, njuchi zinandiphunzitsa bwino. Koma mkaka? M'mutu mwanga ndinkaona mtsinje ngati Mombezi, woyera mbee, wolemera ngati wa m'chitini uja, amayi akutunga ndi mitsuko. Ndinkalalikira choncho. Anthu ankavomera.

Ndinalalikiranso za Davide, pamene atate ake anamutuma kunkhondo ndi zakudya za abale ake, n'kumupatsiranso zoumba khumi zamkaka zoti akapatse mkulu wa asilikali. Munthu wina anandifunsa kuti zinthu zimenezo n'zotani. Ndinati zili ngati zigumu. Palibe anatsutsa. Palibe ankadziwa. Zaka zambiri ndinadyetsa mpingo mkaka umene sindinaukamepo.

Ng'ombe inabwera matipate atangoyamba kumene, patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Kunafika bungwe lina, n'kutiuza alimi kuti tipange gulu. Lamulo lake linali lachidule. Umange khola lofolera. Ubzale nsenjere. Akupatsa ng'ombe yabere. Ikabereka thole lalikazi, ulilere mpaka likule, ukapereke kwa mnzako wotsatira pamndandanda. Likafa chifukwa cha kusasamala kwako, gulu likulanda ng'ombe n'kukapatsa mnzakoyo.

Wotsatira wanga anali mai Esinati, a kutsidya kwa dambo. Mumawadziwa. Nthawi imeneyo anali atangoferedwa amuna awo, ana anayi ali m'manja.

Anatiitana ku Mikolongwe kukaphunzira. Agogo anu anafuna kupita. Ndinati ayi, za ng'ombe n'za amuna. Pamudzi pano ndine mkamwini, munda ndi wawo, malo a khola ndi awo, koma ndinatero. Ndinapalasa njinga yanga ija ya mabuleki a chidendene. Kumeneko alangizi anaphunzitsa bwino. Ine masana ndinkasinza. Ndinkati, mwana uyu andiuza chiyani za mkaka, ine ndinayamba kuulalikira iye asanabadwe? Koma mawu amodzi anawabwereza tsiku lililonse, moti ngakhale wogona anawamva.

"Mawere atatu ndi anu. Lachinayi ndi la thole. Musalikhudze."

Ndinamva. Sindinganame kuti sindinamve.

Ng'ombeyo inali yamawanga akuda ndi oyera, yaitali kuposa za m'midzi. Anthu anabwera kudzaiona ngati mkwatibwi. Ndinaitcha Kanani. Inabereka mvula itangosiya, thole lalikazi. Tsiku lomwelo mai Esinati anafika, n'kuima pampanda wa khola nthawi yaitali.

"Ndilitche dzina, a Muliya?" anandifunsa.

"Tchani. Ndi lanu."

"Likhale Tidikire."

Sabata yoyamba mkaka wonse unali wa thole. Itatha, ndinalowa m'khola ndi chidebe. Manja ozizira, zikhadabo zosawenga, n'kukoka bere ngati ndikuzula chinangwa. Zotsatira zake mwazimva kale. Nditadzuka m'ndowemo, agogo anu anatula mtolo, anatenthetsa madzi, anatsuka mawere, n'kumaiyankhula ng'ombeyo ngati mnzawo wa kuchigayo. Mkaka unatsika. Iwo amene sanapite ku Mikolongwe. Ine ndinaima pambali n'kumati ndikuyang'anira. Patapita masiku ndinaphunzira, mobera.

Tsono nayi nkhani.

Lamulungu lotsatira gome linali langa. Nthiti zinali zikuwawabe, koma mtima unali m'mwamba. Ndinatenga mutu wanga wakale uja. Tsiku limenelo ndinali ndi umboni m'khola. Ndinalalikira, thukuta kamukamu. Amayi anayambitsa nyimbo pakati pa ulaliki. Zikatero munthu pakamwa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ndinangomva ndanena kuti:

"Wofuna kulawa Kanani asadikire kufa. Abwere kwathu mawa ndi kapu!"

Agogo anu anali pa benchi yachitatu. Anaweramitsa mutu. Ndinkayesa akupemphera.

M'mawa mwake kunabwera anthu asanu ndi awiri. Mawa linalo, bwalo lonse. Makapu, mabakuli, wina botolo la mankhwala a chifuwa. Nkhalamba ina inachokera kufupi ndi Namitambo, wapansi, ili ndi ketulo. Ankakhala pamzere n'kumati, "Mulungu akudalitseni, a Muliya." Mawu amenewo amakoma, ana inu. Amakoma kuposa mkaka wa m'chitini.

Mawere atatu sanakwanire. Mkulu wa mpingo angabweze munthu ali ndi kapu m'manja, atamuitana yekha pa gome? Ndinayang'ana bere lachinayi. Linali lodzaza. Ndinati lero lokha.

Lero lokha linakhala masabata atatu.

Thole ndinalitsekera pakhola lake. Ndinkalisungunulira madeya m'madzi n'kuthiramo kamkaka kongoyeretsa. Ndinkati, ife tinakulira phala, bwanji ilo? Ndinali ndi vesi lomwe. Mtumwi Paulo anadzudzula anthu ena kuti akadali a mkaka, sanafike pa chakudya cholimba. Ndinauza agogo anu kuti thole langa lifulumire kukula.

"Paulo ankanena matole?" anafunsa.

"Inu simuwerenga."

"Ee, sindiwerenga. Koma ndinayamwitsa asanu ndi mmodzi."

Usana akapeza mpata ankalitsekulira kwa make. Koma likayamwa chiyani, ine nditakama mpaka dontho lomaliza m'mawa ndi madzulo? Kanani ankalira. Thole linkayankha. Ine ndinkati ng'ombe zimatero.

Mwa anthu onse aja, mmodzi yekha ankabwera wopanda kapu. Mai Esinati. Ankadutsa mzere, kupereka moni, n'kukaima pampanda kuyang'ana Tidikire. Tsiku lina ndinawatungira kapu yathu.

"Imwani, mai."

"Zikomo, bambo. Ine ndidzamwa m'tsogolo."

Anatembenukiranso kwa thole. Ndikanakhala wanzeru ndikanamva.

Kenako kunabwera uthenga woti abusa afika Loweruka kudzakonzekera Mgonero, ali ndi akulu a mpingo awiri a ku siteshoni ya mishoni. Alendo atatu. Ndinangoti atatu! Nthawi yomweyo ndinakumbukira Abrahamu. Mukuidziwa nkhaniyo, kapena ku Sande sukulu mumangopitira masewera? Abrahamu anakhala pakhomo la hema dzuwa likutentha, anaona alendo atatu, anawakhazika patsinde pa mtengo, anawapatsa mkaka ndi chambiko ndi nyama, iye n'kuima pambali iwo akudya. Mtengo ndinali nawo, mango uja mumakwera inu. Mkaka ndinali nawo. Ndinaona kuti Mulungu wandikonzera.

Masiku awiri thole silinalawe ngakhale kamkaka koyeretsa madeya. Wina ndinasunga mumtsuko kuti ugone ukhale chambiko. Wina unali wa makapu. Wa Loweruka m'mawa ndinauwiritsa wonse.

Ndikusesa pansi pa mango, agogo anu anabwera ndi mphasa.

"Ndiye inu ndinu Abrahamu," anatero.

"Ndikutsanzira chabe."

"Nanga Abrahamuyo alendo akewo anawaphera chiyani?"

"Thole."

"Oo. Ndiye mwatsala pang'ono."

Anayala mphasa n'kumapita. Ine ndinapitiriza kusesa. Kukhola sindinapite. Ndinkadziwa chimene ndikaone.

Alendo anafika dzuwa lili paliwombo, pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Mmodzi wa akuluwo, a Sitolo, munthu wonenepa, anangotsika n'kuti, "Timweko madzi, a Muliya."

"Kuno sitimwa madzi," ndinatero.

Ndinawapatsa kapu yaikulu ija ya malata, yodzaza. Wachiwiri chimodzimodzi. Abusa chimodzimodzi. Atamaliza ndinawonjezera. Kenako chambiko. Kenako mkaka wina wotsitsira. Ine ndinaima pambali, manja kumbuyo, monga mwa malemba. Ndinamwako inenso kapu ziwiri, kuti alendo asachite manyazi.

Abusa anali a ku Ntcheu. Anakula akuweta ng'ombe, mkaka unali ngati madzi kwa iwo. Koma a Sitolo ndi anzawo aja anali anthu a kalongonda ngati ine. Mimba ya munthu wamkulu imene sinazolowere mkaka siuzidwa za Abrahamu. Tisanamalize kukambirana za Mgonero, ndinamva kubangula. Ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo. A Sitolo anaimirira.

"Kuseri n'kuti?"

Ndinaloza. Anapita moyenda ngati mkulu wa mpingo mpaka pangodya ya nyumba. Kuchokera pamenepo tinangomva nsapato. Asanabwere, wachiwiri anaimirira. Chimbudzi chinali chimodzi. Wachitatu kuimirira ndinali ine, mwini mudzi. Ndinalowera kumunda wa nandolo.

Iwe Etelo, ukawerenga pamenepa usakauze anzako kusukulu.

Nditabwerako ndinapeza a Sitolo atagona pamphasa, tayi atamasula.

"Ine ndinapempha madzi," anatero mwa kamawu.

Abusa anaseka mpaka kutsokomola. Anati m'Baibulo muli mayi wina amene mkulu wa nkhondo anamupempha madzi, iye n'kumupatsa mkaka, munthuyo atagona n'kumukhomera chichiri cha hema m'mutu.

"A Muliya, chichiri mwabisa pati?"

Tonse tinaseka, ena mosamala.

Kenako abusa anati akaone ng'ombe. Ndinati dzuwa likutentha. Anati sakuopa dzuwa. Tinapita.

Pampanda panali mai Esinati. Sanatembenuke. Tidikire anali atagona chammbali, khosi atatambasula, maso atalowa. Kumbuyo kwake kunali konyowa, ntchentche zili ng'waa. Nthiti ukanaziwerenga uli panja. Kanani anali ataika mphuno pa mpata wa matabwa, akuyesa kumunyambita, lilime osafika.

Abusa anavula jekete n'kundipatsa. Analowa m'khola ndi nsapato zawo za Mgonero. Anatsina chikopa cha pakhosi pa thole n'kuchisiya. Chinangoima, osabwerera. Kuseka konse kunali kutatha.

"Layamwa liti?"

Ndinayamba kupinda jekete lawo lija.

"A Muliya, layamwa liti?"

"Ndimalipatsa madeya."

Anandiyang'ana. Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

"Pali lamulo lina la Mose," anatero. "Loletsa kuphika kamwana ka mbuzi mumkaka wa make. Munalalikirapo?"

"Ayi. N'za Ayuda."

"Linalembedwa katatu. Ayuda analigwira mwamphamvu, moti mpaka lero nyama ndi mkaka sadyera pamodzi. Ophunzira amatsutsana za chifukwa chake. Ine ndinangoweta ng'ombe. Mmene ndimalimvera, mkaka unapangidwa kuti kamwanako kakhale ndi moyo. Usasanduke chokaphera." Anapukuta manja pa udzu. "Dziko lija silinkayenda mkaka chifukwa unkatumphuka pansi ayi. Kunali msipu, ziweto zinkaswana, ana ake ankakhuta. Anthu ankamwa wotsala."

Mtsinje wanga wa zaka zonse zija unaphwera pomwepo.

Mai Esinati anayankhula osandiyang'ana.

"Abusa, likafa ine ng'ombe yawo sindikaitenga. Gulu linene zimene linene. Ndingatenge bwanji ya akulu a mpingo? Anthu adzati chiyani?"

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Ndinkadziwa kuti thole likafa nditaya Kanani. Sindinkadziwa kuti mayiyu akanakana, n'kutsala opanda thole, opanda ng'ombe, chifukwa choopa jekete langa. Mkaka umene ndinkagawa pabwalo n'kumalandira madalitso sunali wanga. Unali wa ana anayi a kutsidya kwa dambo.

Abusa analamula. Madzi owiritsa, kamchere, kashuga, pang'onopang'ono. Kenako mkaka wa make, wofunda, pang'ononso. Ndipo wina akaitane alangizi. Agogo anu anali atawiritsa kale madziwo. Anandipatsa botolo.

"Gwadani, Abrahamu," anatero.

Ndinagwada m'ndowe zomwe zija. Ndinanyamula mutu wa thole n'kuuika pa ntchafu. Linakana botolo. Abusa anati ndiviike zala mumkaka, ndiliike m'kamwa. Ndinatero. Nthawi inapita. Kenako ndinamva lilime lokhakhala likugwira chala changa, mofooka. Linakoka kamodzi. Linakokanso.

Alangizi anafika madzulo, mnyamata yemwe uja wa ku Mikolongwe. Anabaya jakisoni. Anandifunsa funso limodzi.

"Bambo, mawere anu ndi angati?"

"Atatu."

"Tsopano mulibe ngakhale limodzi, mpaka ine ndidzanene."

M'mawa mwake, Lamulungu la Mgonero, anthu a makapu anafika monga mwa masiku onse. Ndinawapeza pabwalo ndikuchokera kukhola, bondo lili ndowe. Ndinalephera kuwauza. Agogo anu ndiwo anati tikumane kutchalitchi. Kumeneko abusa, nthawi ya zolengeza, anati a Muliya ali ndi mawu. Sindinawapemphe. Ndinaimirira. Ndiwo ulaliki wanga waufupi kuposa wonse.

"Mkaka uja watha. Sunali wanga. Ndi wa thole la mai Esinati. Ndinalakwa."

Ndinakhala pansi. Kumbuyo wina anati, "Kanani watsekedwa." Anthu anaseka mobisa. Dzina limenelo linandikakamira. Mpaka lero ndikadutsa pamsika pali madala ena amafunsa ngati Kanani watsekulidwa.

Masiku asanu thole silinaime. Ndinkaligwadira m'mawa, masana, madzulo. Kumunda ndinasiya. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinalipeza litaima, miyendo ili tang'a, likunjenjemera. Ndinalitsekulira kwa make. Linapita lokha. Linayamwa mawere onse anayi, mchira ukugwedera. Ine ndinakhala pa chidebe chopanda kanthu n'kumaonerera.

Linakula, ngakhale linachedwerako. Litakwana, ndinalikoka ndekha pa chingwe kuwoloka dambo, a gulu ali pambuyo. Panali zoyankhula. Ine sindinayankhule.

Kanani anatibalira ena. Atate anu ndi amayi anu anamwa, inu mwamwa. Ine ayi. Mimba yanga ndi mkaka sizinagwirizanenso kuchokera tsiku la nandolo lija. Mudzi wonse umadziwa. Za mkaka ndi uchi ndinalalikirabe, koma mtsinje ndinauchotsamo. Zigumu za Davide ndinazisiya.

Panapita zaka ziwiri ndi miyezi. Tsiku lina agogo anu anati mai Esinati akundifuna.

"Kwagwanji?"

"Pitani mukamve. Valani malaya abwino."

Ndinawoloka dambo. Ndinapeza pabwalo posesa, mpando uli patsinde pa mtengo wa mapeyala. Anandikhazika. Tinapatsana moni. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu yamalata, yodzaza mpaka m'milomo. Anagwada, anandipatsa ndi manja awiri. Kenako anadzuka n'kukaima pambali, manja kumbuyo.

Ndinayang'ana kukhola. Tidikire anali akubzikula. Pambali pake panagona kathole, mimba ili tuu, thovu lili kukamwa.

"Layamwa kale, bambo," anatero mai Esinati. "Lakhuta. Uwu ndi wotsala."

Ankadziwa za mimba yanga. Inenso ndinkadziwa kuti kuchokera pamenepo kukafika kwathu ndi mtunda, ndipo nandolo wobisalamo anthu anali atakolola kale.

Ndinamwa. Wonse. Ndinaika kapu pansi. Ana awo anali pakhonde, akundiyang'ana. Mayiwo anadikira, kapena ankayesa nditchula vesi.

Ndinatola chipewa changa, n'kulowera njira ya kudambo.